Mwafunsa, Tayankha: Za sukulu ya pa Khondowe ku Livingstonia

Mwezi uno makalata ambiri abwera okhudza sukulu za mishoni, mwina poti ndi nyengo yoti ana a Fomu 1 akulongedza masutikesi. Anayi mwa iwo akuzungulira pa Livingstonia, nde tangowaika pamodzi.

Funso: Akulu, ine ndili kuno ku Joni ndipo pa gulupu yathu ya WhatsApp tatsala pang'ono kugwirana pakhosi. Mnzathu wina wa ku Rumphi akukakamira zoti sekondale yoyamba m'Malawi ndi Livingstonia komanso anaimanga ndi David Livingstone mwini wake, ine ndikuti bodza ndi Blantyre Secondary. Tabetcherana nkhuku, tiweruzeni.
Wowerenga wa ku Johannesburg

Yankho: Achimwene, nkhukuyo mudyere limodzi koma nthutumba ndi yanu. Tiyambe ndi pamene mnzanuyo wagwa chagada. Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, ku Zambia ya lero, pomwe sukulu ya pa Khondowe inayamba mu 1894, patadutsa zaka 21 munthu ali kuli chete. Dzina lokha ndilo lake, a mpingo wa Free Church of Scotland anatcha mishoni yawo choncho pomukumbukira. Amene anakhetsa thukuta pa phiri paja ndi Dr Robert Laws, wa ku Aberdeen, dokotala komanso m'busa, yemwe anafika kuno mu 1875 ali mnyamata wa zaka 24 ndipo anachoka mu 1927 imvi zili mbuu.

Tsono pa nkhani ya sekondale mpamene pali kamtsutso. Sukulu imene Laws anatsegula inkatchedwa Overtoun Institution, potengera Lord Overtoun, mpondamatiki wa ku Scotland yemwe ankathira ndalama zambiri pa ntchitoyi. Sinali sekondale ya Fomu 1 mpaka Fomu 4 ngati zomwe tikuzidziwa lerozi ayi. Inali sukulu yogonera komweko yomwe inkatenga ana ochita bwino m'masukulu a kumidzi nkuwapititsa patsogolo, ena uphunzitsi, ena ubusa, ena zachipatala, ena ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, ukalaliki ndi kuwerengetsera ndalama, mpakana kutumiza mauthenga pa telegalafu. Anyamata a telegalafu aja ankalembedwa ntchito pa nthambo ija Cecil Rhodes ankafuna idutse Africa yense, ndipo makalaliki a ku Livingstonia munkawapeza ku migodi ya ku Rhodesia, ku Tanganyika, ku Congo ndi komwe muliko ku Joniko. Nde mnzanuyo akanena kuti maphunziro opitirira pulaimale kumpoto anayamba kalekale Blantyre Secondary isanalotedwe nkomwe, pamenepo sakunama.

Koma sekondale yeniyeni yoyamba ndi Blantyre Secondary School, 1940. Kenako Zomba Catholic, ija timati Box 2, mu 1942, ndipo ya boma ya ku Dedza, Box 48, inadza mu 1951. Taganizani, dziko linakhala m'manja mwa a Britain kuchokera 1891 koma sekondale kudzaoneka patatha zaka pafupifupi 50. Boma la atsamunda linalibe olo dipatimenti ya maphunziro mpaka 1926, zonse linangosiyira amishoni.

Chomwe chimandiwawa ine pa mbiri imeneyi nchoti Laws sankafuna kuthera pa ukalipentala, maso ake anali pa koleji, ndithu yunivesite ya anthu akuda pa phiri paja. Koma m'zaka za m'ma 1920 mphepo inatembenuka. Mu 1924 kunabwera gulu la Phelps-Stokes lochokera ku America kudzayendera masukulu, ndipo maganizo amene anapambana anali oti munthu wakuda aphunzire zomuthandiza kumudzi, ulimi, ukhondo, ntchito zamanja, osati zam'mabuku zambirimbiri. Nchifukwa chake boma linatsegula sukulu yophunzitsa aphunzitsi a kumidzi ya Jeanes Training Centre ku Domasi mu 1929. Ngakhale amishonale anzake ena ankadandaula kuti mkuluyu akukwirira ndalama pa phiri limodzi pomwe timasukulu takumidzi tilibe ndi masileti omwe, ndipo kunena chilungamo dandaulo limenelo linali ndi mutu. Komabe zotsatira zake nzoti loto la koleji linagonekedwa, linadzadzuka mu 2003 pamene Sinodi ya Livingstonia inatsegula University of Livingstonia, Laws atamwalira kale mu 1934.

Funso: Zikomo akulu. Mwana wanga wamkazi wasankhidwa ku sekondale ina ya mishoni yogonera konko, ndasangalala koma mtima uli m'mwamba chifukwa kumaloko nkutali zedi, galimoto yake ndi ya apo ndi apo. Kodi amishoniwa ankaganiza chani kumakamanga masukulu kutchire ndi m'mapiri? Ndinapitako ku Livingstonia ku ukwati, msewu uja ndinapemphera njira yonse.
Mayi wa ku Dedza

Yankho: Mayi, choyamba tikuthokozereni mwanayo, wakuvekani ulemu. Msewu mukunenawo ngati munakwerera ku Chitimba ndi uja amati Gorodi, wa makhota pafupifupi 20, ndipo simuli nokha, olo madalaivala ozolowera amayamba ayesa kaye mabuleki asanatsike.

Yankho lalifupi ndi malungo. Gulu loyamba la mishoniyi, lotsogozedwa ndi E. D. Young, linalowa m'nyanja ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875 nkukakhazikika ku Cape Maclear ku Mangochi. Malo okongola, doko labwino, koma anthu anayamba kugwa mmodzimmodzi ndipo manda awo alipo mpaka lero kumeneko. Zaka zonse anakhalako anabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe ku Nkhata Bay pakati pa Atonga, ndipo kumeneko sukulu zinagwira moto, ana ankabwera mwaunyinji, koma malungo anawatsatirabe poti nkunyanja komweko. Kumbukirani nthawi imeneyo anthu sankadziwa kuti wobweretsa malungo ndi udzudzu, zimenezo zinadzatsimikizika mu 1897. Iwo ankangoona kuti kumadambo ndi kotentha anthu akufa, kumtunda kozizira akukhala bwino, nde Laws anayendayenda mpaka anapeza Khondowe, pafupifupi mamita 900 pamwamba pa nyanja, pali madzi, pali mitengo, pali malo olima. A Dutch Reformed nawo anachita chimodzimodzi kuno kuchigawo chapakati, Mvera 1889, Kongwe 1894, Nkhoma 1896, konseko nkumapiri.

Ndipo musaone ngati ankakhala movutika mpaka kale. Pofika zaka zoyambirira za m'ma 1900 pa Khondowe panali madzi a m'mipope ochokera kumapiri, magetsi opukusidwa ndi madzi a ku Manchewe, nyumba yamiyala ija amati Stone House, kenako chipatala cha David Gordon Memorial. Zambiri mwa izi anamanga ndi manja a ophunzira omwewo, mwana ankati akachoka m'kalasi nkukagwira khasu kapena kuumba njerwa, sukulu inkadya zomwe yalima.

Chifukwa china nchoti ana ankachokera kutali, ku Karonga, kwa M'mbelwa, ku Kasungu, ena mpaka ku Mwenzo ku Zambia, nde panalibe zoti nkumayendera. Koma palinso chifukwa chachitatu chomwe m'matchalitchi sitimakonda kuchitchula. Amishonale ankafuna dala kumuchotsa mwana pamudzi, atalikirane ndi magule, chinamwali, mowa wamasese ndi zonse zomwe iwo ankaziona ngati zachikunja, akule ndi belu, belu lodzukira, belu la mapemphero, belu lakudya, belu lozimitsa nyali. Zinatulutsa anthu osunga nthawi ndi olemba bwino zedi, izo nzoona, komanso zinatulutsa ena obwera kumudzi akunyansidwa ndi agogo awo omwe. Zonse ziwirizi zinachitika.

Za mwana wanuyo, ine ndingoti kutalika kwa malo kusakuopseni kwambiri, mufunse za madzi, za chipatala chapafupi ndi za matroni wa ku hositelo. Ngati nkumapiri bulangete likhale lochindikala, neti ya udzudzu musaiwale olo kukhale kozizira, ndipo kabotolo ka chiponde ndi kashuga zimapulumutsa munthu masiku amene nyemba zabwera ndi anankafumbwe. Tsiku loona ana yesetsani kupitako, olo mutangonyamula zigumu.

Funso: Ndaona chithunzi pa Facebook, mawu oti Ephesians 2:14 olembedwa pansi pa kapinga ku Livingstonia. Ndi manda a munthu kapena?
Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Si manda achemwali. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, Kamuzu ndi anthu ambiri a Nyasaland African Congress anamangidwa, ndipo kumpoto kunali kotentha kwambiri. Boma linkaganiza kuti azungu a pa mishoni ali pa ngozi, nde ndege inaponya uthenga wofunsa ngati akufuna kudzatengedwa, ayankhe poika chizindikiro pansi choti ndege ikabweranso ichione. Anthu a pa mishoni, akuda ndi azungu, anakambirana ndipo mmalo mothawa anayala njerwa zopaka laimu kulemba vesi limeneli, Aefeso 2:14, lomwe limakamba zoti Khristu ndiye mtendere wathu ndipo anagwetsa khoma lolekanitsa anthu. Chithunzi chojambulidwa m'ndege chinatuluka m'manyuzipepala a kunja, ndipo kwa boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland lomwe linkafalitsa zoti azungu atsala pang'ono kuphedwa, chinali chamanyazi ndithu. Mukadzapitako mukaziona pafupi ndi Stone House, yomwe pano muli myuziyamu.

Funso: Ine ndili Fomu 3. Aphunzitsi athu a History anati anthu ambiri otchuka anaphunzira ku Livingstonia, nde ine pa mayeso ndinalemba Kamuzu Banda koma anandithetha. Alakwitsa ndani?
Mnyamata wa ku Kasungu

Yankho: Mphwanga, aphunzitsi akowo usawasungire chakukhosi, anakuthetha moyenera, ndipo iwe wa ku Kasungu umayenera kuidziwa bwino nkhaniyi kkkk. Kamuzu anaphunzira m'masukulu a mishoni ya Livingstonia inde, ku Mtunthama ndi ku Chilanga konko kwanuko, koma pa Khondowe penipeni sanakafike ngati mwana wasukulu. Mu 1915 akulemba mayeso a uphunzitsi anatulutsidwa m'chipinda, woyang'anira mayeso T. Cullen Young anamuona ataimirira nkuganiza kuti akuonera, pomwe mwini wake ankati poti anali wamfupi amafuna aone bwino pa bolodi. Basi mnyamata anauyatsa ulendo wapansi wa ku Rhodesia kenako ku Joni. Chodabwitsa nchoti awiriwa anadzakumananso ku Scotland Kamuzu akuphunzira udokotala, nkukhala pa ubwenzi. Amene anaphunzira pa Khondowe ndi malume ake, Hanock Msokera Phiri, omwe anadzabweretsa mpingo wa African Methodist Episcopal ku Kasungu mu 1924.

Ukafuna mayina oti sangakuthethe, alipo ambiri, ndipo ukawaonetsetsa upeza kuti ambiri mwa iwo anadzasemphana ndi amishoni omwe anawaphunzitsawo kapena ndi boma. Elliot Kamwana anachoka pasukulupo mu 1901 pokana nkhani ya fizi, anakakumana ndi mmishonale wa ku England Joseph Booth, ndipo pobwera ndi chiphunzitso cha Watch Tower anabatiza anthu pafupifupi 10,000 ku Utonga mu 1908 ndi 1909 mpaka boma linamuthamangitsa m'dziko. Charles Domingo, yemwe anabwera ali kamwana kuchokera ku Quelimane nkukulira m'nyumba mwa Laws momwe, anamaliza maphunziro a ubusa koma anangomusunga osamudzoza, zaka nkumapita, mapeto ake anatopa nkuchoka. Abusa akuda oyamba a mishoniyi anadzozedwa mu 1914, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, ndipo Mwasi nayenso anadzatuluka mu 1933 nkuyambitsa mpingo wakewake. Apa ine ndimaona kuti vuto la amishonale aja linali loti ankaphunzitsa munthu bwinobwino koma ikafika nthawi yoti amupatse mpando manja ankawalemera.

Kumbali ya ndale lemba Levi Mumba, mmodzi wa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, yemwe anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Lemba Clements Kadalie wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe, anamaliza uphunzitsi ali mnyamata nkulowera kummwera, ndipo mu 1919 ku Cape Town anayambitsa ICU, bungwe la anthu apantchito lomwe linagwedeza South Africa m'zaka za m'ma 1920. David Kaunda, bambo ake a Kenneth Kaunda, nawonso ndi a mishoni yomweyi, anatumidwa kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali ndipo mwana wawo uja anabadwira ku Lubwa mu 1924. Wa m'nthawi ya sekondale yeniyeni ndi Legson Kayira, yemwe atamaliza pa Livingstonia ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro ku America, anadutsa Tanganyika ndi Uganda mpaka Khartoum, ndipo anakafikadi ku Skagit Valley College mu 1960. Pa mayeso ukalemba atatu mwa amenewa ndi zomwe anachita, malikisi ako onse ubwera nawo, koma dzina la Kadalie ulilembe bwino, ambiri amaiwala e wakumapetoyo.