Musanatenge ngongole ya app, manambala a makasitomala anu ali m'foni ya ndani?

Funso: Ndili ndi bizinesi yochapa ndi kusita zovala, antchito anayi. Opikisana nawo ayamba kulandira maoda pa app ndipo makasitomala anga akuchepa. Ndikufuna kutenga ngongole kuti katswiri andipangire app yanga. Pakadali pano makasitomala amaimbira mtsikana wapakauntala pa foni yake, ndipo m'kope timalemba tikapeza mpata. Ndi app yotani ingandithandize?

Yankho: Mayi, za mtundu wa app tiziike kaye pambali. Mawu amene andidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi akuti "pa foni yake". Ndiye kuti mayina, manambala, uyu amafuna sitachi pakolala, uyu amadana ndi sopo wonunkhira, zonsezo zili m'thumba mwa munthu amene angasiye ntchito mawa. Akakalembedwa kwa opikisana nanu aja, makasitomala amutsatira, chifukwa nambala imene amaidziwa ndi yake. Mtsikanayo sindikumuimba mlandu ayi. Inuyo ndi amene simunamupatse foni ya bizinesi.

Mukuti makasitomala akuchepa. Achepa ndi angati, kuyambira mwezi uti, ndipo akuthawa chiyani? Kope lolemba mukapeza mpata silingakuyankheni. Tiyerekeze kuti pamwezi mumachapira anthu 200, ndipo pa khumi alionse mmodzi sabweranso. Amenewo ndi anthu 20 pamwezi, pachaka 240, kuposa onse amene muli nawo lero. Ambiri sadandaula n'komwe. Munthu analonjezedwa suti yake Lachinayi, wabwera Loweruka wapeza sinasitidwe, wangoti zikomo, osadzamuonanso. App imalandira oda mwachangu koma siisita. Ikakubweretserani maoda ambiri zinthu zili chonchi, okhumudwa achulukanso.

Vutoli si lanu nokha. Mu 1987 katswiri wa zachuma Robert Solow ananena kuti makompyuta akuoneka paliponse kupatula m'ziwerengero zoonetsa kuchuluka kwa zimene antchito akutulutsa. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti makampani ankagula makina, kagwiridwe ka ntchito n'kukasiya mmene kanalili.

Sabata ino gulani simu khadi ya bizinesi, mulembetse m'dzina lanu, muikepo WhatsApp Business. Ndi yaulere, ilipo kuyambira 2018, ndipo imalola kuika chizindikiro pa kasitomala aliyense, kusunga mayankho okonzeratu, komanso kuonetsa ntchito zimene mumachita. Foniyo izigona pashopu. Kenako kope lija, kapena Google Sheets ngati mumaidziwa: tsiku, dzina, nambala, zovala zingati, tsiku limene mwalonjeza, tsiku limene zathadi, ndi dandaulo ngati lilipo. Oda iliyonse ilembedwe kasitomala asanatuluke pakhomo, ngakhale ya mchemwali wanu amene salipira, chifukwa nayonso yadya sopo, magetsi ndi nthawi. Wolemba akhale mmodzi, inu muziwerenga madzulo alionse. Ndikudziwa kuti n'zotopetsa, koma eni bizinesi ambiri amene amandilembera amagwera pomwepa.

Pakatha miyezi itatu kopelo lidzakuuzani chatsopano choti muyambe. Mukaona kuti ambiri amachedwa kudzatenga zovala chifukwa amaweruka usiku, yambani kuwaperekera kunyumba. Mukaona kuti zochedwa zonse zimaima posita, ndalama ipite pa ayironi yachiwiri kapena wantchito wina. Mwina lidzaonetsadi kuti foni imodzi yalephera kulandira maoda onse, ndiye nthawi ya app yakwana.

Koma ngongoleyo ayi, Mayi, osati panopa. Tinene kuti wobwereketsa akufuna chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi. Pachaka ndi 60 peresenti, ndipo amayamba kuwerenga tsiku limene mwalandira ndalama, pamene app ikadali m'kompyuta ya katswiri. Komanso app salipira kamodzi: pali ndalama ya seva (kompyuta yosungira app pa intaneti), ndi ya wokonza Android ikasintha. Nthawi ya app ikadzafika, yambani ndi mapulogalamu opangidwa kale olipira pamwezi, amene mungasiye akapanda kukuthandizani. Ndipo musanasaine chilichonse mufunse kuti akaunti ndi pasiwedi zikhala m'dzina la ndani, komanso ngati mungatulutse mndandanda wa makasitomala anu tsiku limene mwasiyana ndi eni pulogalamuyo.