Kodi ndinamwa mowa ku Old Mystic? Yankho kwa mayi wa ku Groton

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu kuno amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Groton, m'chigawo cha Connecticut ku America. Akuti banja limene amaligwirira ntchito linawatenga kupita kukanyumba kamatabwa m'tauni yaing'ono ya Old Mystic, komwe makina akalekale ankafinya maapozi, ndipo anawapatsa kapu ya cider. Anamwa, nakoma. Atafika kunyumba mtima unayamba kuwatsutsa, poti iwo ndi a Mvano ndipo cider amene amamudziwa ndi Savanna ndi Hunter's wa m'mabala. Funso lawo ndi lakuti: kodi ndinamwa mowa? Nanga malo aja ndi achiyani?

Mayi, khazikani mtima pansi. Ngati ana ankamwa nawo m'kapu zomwezo, munamwa madzi a maapozi basi. Ku America mawu oti cider amatanthauza madzi ongofinyidwa kumene, a bulauni, osasefa bwino. Woledzeretsa amamutchula hard cider. Ku Britain ndi ku South Africa ndiye cider ndi mowa, n'chifukwa chake munasokonezeka. Kusiyana kwake kuli ngati kwa thobwa ndi mowa wamasese. Madzi a maapozi otere, ngati sanaphikidwe, mukawasiya pofunda amayamba kuchita thovu, shuga n'kusanduka mowa, ndipo mukawalekererabe mpweya n'kumalowa, amasanduka viniga.

Malo munapitawo ndi B.F. Clyde's Cider Mill. Mwini wake woyamba, Benjamin Clyde, anayamba ntchito ya cider mu 1881, ndipo makina munawaonawo anawaika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Chofinyira chake chinapangidwa ndi kampani ya Boomer & Boschert ya ku Syracuse, New York. Chimene chimandichititsa chidwi ine ndi choti mpaka lero amayendetsa zonsezo ndi injini ya nthunzi, ndipo amadziwika kuti ndi malo okhawo ofinyira cider otsala ku America oyendera nthunzi. Mu 1994 bungwe la akatswiri a zamakina la ASME linawaika m'gulu la malo a mbiri ya zamakina. Mpaka pano ali m'manja mwa zidzukulu za banja lomwelo.

Amene anakulira pafupi ndi chigayo cha dizilo sangaone chachilendo kwenikweni: injini imazunguza chitsulo chachitali, malamba n'kumatenga mphamvuyo kupita nayo kumakina ena, phokoso lili phaphapha. Maapozi amakwezedwa m'mwamba, n'kuperedwa mpaka kukhala ngati phala lokhuthala. Phalalo limagwera pansalu yoyalidwa, anthu n'kuipinda bwinobwino m'makona onse anayi ngati akumanga phukusi la ufa. Pamwamba pake amaikapo thandala la timatabwa, kenako nsalu ina, phala lina, timatabwa tina, mpaka mulu. Mulu umenewu eni ake amautchula kuti cheese, ngakhale mulibe ndi dontho lomwe la mkaka. Akaukankhira pansi pa chofinyira, chimatsika pang'onopang'ono kwambiri, madzi n'kuyamba kuchucha m'mbali monse. Kufulumira sikuthandiza, nsalu zikhoza kuphulika.

Koma ndisakubisireni, Mayi: Clyde sanamange malo aja kuti azigulitsa zakumwa za ana. Kale ku New England, dera la kumpoto chakum'mawa kwa America komwe kuli Connecticut, cider wowira anali chakumwa cha tsiku ndi tsiku cha alimi. Maapozi samera mofanana ndi kholo lawo ukadzala njere, ndipo ambiri otere amatuluka owawasa, osadyeka, koma abwino kufulira. Ngakhale John Chapman, munthu wakale wa ku America wotchuka pofesa maapozi, amene amamutcha Johnny Appleseed, mitengo imene ankafesa kuchokera ku njere inali ya mtundu womwewo. John Adams, mtsogoleri wachiwiri wa dziko la America, amakumbukiridwa kuti ankamwa cider m'mawa.

Zinthu ziwiri zinagwetsa malondawa. Ajeremani osamukira ku America anabwera ndi mowa wawo wa laga, umene unkafulidwa m'matauni chaka chonse, pamene maapozi ali ndi nyengo yake. Kenako magulu odana ndi mowa, ambiri a iwo a m'matchalitchi, anakula mphamvu mpaka boma linaletsa kufula ndi kugulitsa mowa kuyambira 1920 kufika 1933. Malo ofinyira amene anapulumuka anadalira viniga ndi madzi otsekemera aja, ndipo m'kupita kwa nthawi dzina loti cider linakhazikika pa chakumwa chosaledzeretsacho.

Chenjezo langa ndi limodzi. Ku Clyde's amagulitsanso hard cider ndi vinyo wa maapozi, ndipo amalawitsa akuluakulu. Mukadzapitanso mu Okutobala, nyengo imene amafinya anthu akuonerera, mukafunse sweet cider, ndiye wosaledzeretsa uja. Madonasi awo ndiye idyani mosaopa.