Musatumize pulani ya nyumba ndi miyeso yake yonse

Achimwene, mpikisano wa mapulani a nyumba womwe mukufuna kulowawo muuyende mosamala, chifukwa wotere ndi womwe unandilanda ntchito yanga masanasana.

Kampani ina yogulitsa mapuloti kuno ku Blantyre inaitanitsa mapulani a nyumba za mudzi watsopano. Apo n'kuti namondwe wa Freddy atangodutsa mu Malichi 2023, ndipo ine nditaona momwe matope ochokera m'phiri la Soche anakokololera nyumba ku Chilobwe, mtima wanga wonse ndinauika pa nkhani ya madzi. Maziko ndinawakweza, ngalande ndinazikonza motsatira kutsetsereka kwa malowo, ndipo khomo lililonse ndinaliika kumbali yomwe madzi sangafikeko.

Pa fomu yawo panali mzere wonena kuti mapulani onse adzakhala a kampani. Nditafunsa, anandiuza pakamwa kuti mawuwo akungokhudza chionetsero. Patapita nthawi analengeza kuti palibe wapambana, ati palibe pulani yomwe yawafika pamtima.

Chaka chotsatira, ndikudutsa pamalopo pa minibasi, ndinaona nyumba zanga zitandandalikana m'mbali mwa msewu, khonde lomwelo, mawindo omwewo, ngakhale kapendekedwe ka denga. Ku ofesi kwawo bwana wake sanandipatse ndi mpando womwe. Anatulutsa fomu ija m'kabati, n'kuloza mzere uja ndi cholembera, n'kunena kuti, "Munasaina nokha, bambo." Chomwe chimandiwawa kufikira lero n'chakuti ngalande zija anazichotsa pofuna kupulumutsa simenti, ndipo mvula yoyamba itagwa madzi analowa m'nyumba za anthu, moti ena odziwa kuti pulaniyo inali yanga ankandiloza chala ine. Anthu amenewa alibe chisoni, amakolola pomwe sanalime, ndipo amene amavutika ndi mabanja omwe anatenga ngongole kuti agule nyumbazo.

Komabe sindikunena kuti musalowe, chifukwa mnyamata wongomaliza kumene maphunziro ku yunivesite ya MUBAS alibe njira zambiri zodziwikira. Lowani ndithu, koma tumizani zithunzi zoonetsa maonekedwe a nyumba zokha, ndipo mapepala a miyeso ya maziko, zitsulo ndi denga muwasunge mpaka mutasainirana mgwirizano wa malipiro. Funsaninso mayina a oweruza, ndipo ngati pakati pawo palibe membala wa Malawi Institute of Architects, bungwe la akatswiri ojambula mapulani a nyumba, auzeni okonza mpikisanowo akuyankheni chifukwa chake polemba kalata, osati pafoni.