Bungwe la amalonda pa trading ya kumudzi, n'lothandizadi kapena ndi komiti yodyera basi?

Mayi wina amene ali ndi golosale pa trading ina yaing'ono cha ku Mchinji anditumizira imelo. Akuti anzawo a pamalopo, ogulitsa feteleza, a chigayo, a butchala, ngakhale a kabaza, akufuna kuyambitsa bungwe la amalonda ndipo aliyense azisonkha pamwezi. Iwo akukayika chifukwa makomiti awonapo ambiri ndipo onse amathera pa mkangano wa ndalama, ndiye akufunsa kuti pamalo poti pafupifupi aliyense ndi mlimi, bungwe lotere lingagwire ntchito yanji kwenikweni.

Mayi, ine ndikuti lowani, koma musanapereke ngakhale K500 muwafunse kaye anzanuwo kuti alimi ali pati m'nkhaniyi. Pa trading ngati yanuyo ndalama siichokera kwina, imachokera kumunda. Inuyo mukudziwa kuposa ine kuti kuyambira April mpaka cha m'ma July, soya ndi mtedza zikamagulidwa, shuga ndi sopo zimayenda, anthu amagula malata, njinga, zitenje, koma ikafika January mumangokhala kuthamangitsa ntchentche pa kauntala uku buku la ngongole likudzaza. Ndiye mlimi akaberedwa pa sikelo mu May, amene waberedwa naye limodzi ndi inuyo, chifukwa ndalama imene venda wapita nayo ku Lilongwe ikanathera m'golosale mwanu.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba imene ine ndingapatse bungwe lanulo ndi ya sikelo. Mavenda ambiri amabwera ndi masikelo otchuna, thumba loti ndi 50 kg iwo akuti 44, ndipo mlimi mmodzi payekha sangalimbane nawo poti akufuna ndalama ya fizi lero lomwe. Koma bungwe likhoza kugula sikelo yake, n'kuipititsa kuti a Malawi Bureau of Standards aiyese, n'kuiika poyera pa msika kuti aliyense azipima kaye katundu wake asanakumane ndi venda. Unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, komanso wogula mbewu amayenera kukhala ndi chiphaso, koma zonsezi zimathera pa wailesi ngati palibe woima pamsika n'kufunsa kuti bwana chiphaso chanu chili kuti. ADMARC nayonso kawirikawiri imatsegula misika mochedwa anthu atagulitsa kale.

Pali chitsanzo cha phindu la kugwirizana kwanu komweko. Alimi a mtedza a MASFA, bungwe la ku Mchinji lomwe lili pansi pa NASFAM, anapeza satifiketi ya Fairtrade, yotsimikizira kuti mlimi akugulidwa mwachilungamo, mu 2004 ndipo mtedza wawo unayamba kugulitsidwa ku UK. Sikuti anali ndi minda ikuluikulu ayi, anangogwirizana kusankha mtedza bwino, kuuumitsa bwino kuti usachite chuku, n'kuusonkhanitsa pamodzi kuti ukwane lole. Wogula wamkulu safuna kuyenda khomo ndi khomo kutolera ndowa ziwiriziwiri, amafuna matani pamalo amodzi. Amalonda a pa trading muli ndi nyumba zoti zikhoza kukhala mosungira, muli ndi mafoni a madalaivala, ndiye mukagwirizana ndi makalabu a alimi nonse mudyapo. Palinso a ACE (Agricultural Commodity Exchange for Africa), bungwe la malonda a mbewu, amene amasunga mbewu m'nyumba zawo n'kukupatsani lisiti loti mukhoza kutengera ngongole podikira kuti mtengo ukwere, koma amafuna katundu wochuluka komanso wouma bwino, zomwe munthu mmodzi sangakwanitse.

Za inu eni amalonda, phindu looneka msanga ndi la kuoda ndi transipoti. M'malo moti aliyense akwere minibasi kupita ku Lilongwe kukaoda makatoni atatu, mumalemba oda imodzi, kubwereka galimoto imodzi, mtengo wa pa holoselo umatsikako ndipo tsiku lanu silitayika. Kwacha itagwetsedwa ndi 44% mu November 2023 amene anavutika kwambiri ndi oti mpamba wawo ndi wochepa, wagulitsa katundu yense koma ndalama yake siikukwananso kuoda yemweyo. Zina ndi zazing'ono koma zofunika, monga kulemba mlonda wa usiku mosonkherana, ndi kupita ku khonsolo ngati gulu kukafunsa kuti ndalama ya matikiti a pamsika imene amatolera tsiku ndi tsiku ikugwira chani poti chimbudzi palibe, mjigo unafa kalekale. Mukapita nokha akuuzani kuti bwana achokapo, koma kalata ya bungwe yodutsa kwa khansala ndi ku komiti ya chitukuko cha dera (ADC) amaiyankhako.

Tsopano nkhawa yanu ya ndalama ija, ndi yoona ndipo musachite nayo manyazi kuinena pa msonkhano. Ndalama isagone kunyumba kwa msungichuma, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndi mlamu wa amfumu. Tsegulani akaunti ku banki kapena ku SACCO, osayinira akhale atatu osakhala pachibale, lisiti pa chilichonse, ndipo buku liziwerengedwa mokweza pamaso pa onse mwezi uliwonse ngati mmene amayi amachitira ku banki m'khonde. Tcheyamani akhale ndi malire a zaka zolembedwa, chifukwa ena akalawa mpando ndiye mpaka maliro. Ndipo chonde bungwe lisayambe ndi kubwereketsana ndalama, imeneyo ndi njira yachidule yodanirana, muyambe ndi oda ndi mlonda, ngongole zibwere mukadziwana mitima.

Pa zolembetsa musathamange. Ngati m'tsogolo mudzafuna kumagula ndi kugulitsa mbewu ngati gulu, njira yake ndi kopaletivi, yomwe imalembetsedwa ku unduna wa zamalonda motsatira lamulo la makopaletivi la 1998, ndipo ofesi ya zamalonda kwa DC ndi alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA) amathandiza maphunziro ake. Koma mukaona kuti amene akukakamira kwambiri bungweli ndi omwewo ogula soya motchipa, ndipo nkhani yawo ndi yoti tigwirizane mtengo umodzi woti alimi asamakwere nawo, golosale yanu isalowemo, mudzangowathandiza kuumitsa makasitomala anu omwe. Pa msonkhano woyamba pemphani kuti m'komiti mukhale mipando iwiri ya oimira makalabu a alimi, muone nkhope zawo akamayankha.