Windo yatsekeka, koma python.exe akadali moyo

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene ka chat server kanu ka Tkinter (chida cha Python chopangira mawindo) kamakanira kuyambanso mukakatseka pa X, n'kumalemba WinError 10048, kutanthauza kuti port (nambala imene server imamvetserapo) ndi yogwidwa kale. X uja amachotsa windo yokha basi. Tsegulani Task Manager, mumupeza python.exe ali phee, port yanu akadaigwirabe.

Chamugwira mwendo ndi thread (kachigawo ka pulogalamu koyenda pakokha) imene munaisiya pa accept() kapena recv(), pamene imadikira wolumikiza kapena uthenga. Ikadali kudikira alendo, palibe amene waiuza kuti kwawerukidwa, ndipo Python satuluka ngati thread yosakhala daemon ikadali moyo (ya daemon ndi imene Python saidikira potuluka).

Ndiye X uja mumulande ntchito. Lembani root.protocol("WM_DELETE_WINDOW", tseka), ndipo mu tseka() zinthu zizitsatana bwino, chifukwa apa mpamene ambiri timagwa. Yambani ndi kuuza thread kuti iime, pogwiritsa ntchito threading.Event. Koma thread imene yagona pa accept() siingaone Event yanu, choncho socket yomvetsera muipatse settimeout(0.5), izidzuka theka la sekondi lililonse n'kuona ngati mwaiuza kuti ichoke. Ma socket amene alumikizana kale ndi makasitomala, achiteni shutdown(socket.SHUT_RDWR) musanachite close(). Pa Linux shutdown ndi imene imadzutsa recv(), komanso mnzanu wa mbali inayo amadziwa kuti mwatseka. Pa Linux close() yekha wochokera ku thread ina akhoza kusiya recv() ikugonabe. Kenako join(timeout=2), kudikira kuti thread ithe, ndipo root.destroy() abwere pomaliza penipeni.

Pa join pali msampha umene unandidyera usiku wonse. Thread yanga inkalemba yokha mauthenga mu Text widget. Ndikadina X, main thread (imene imayendetsa windo) inkadikira thread ija pa join, iyonso ikudikira main thread kuti iilembere uthenga. Windo inangouma gwa, Windows n'kulemba "Not Responding". Tkinter safuna kuti ma thread ena azigwira ma widget. Thread iziponya mauthenga mu queue.Queue, windo izitola yokha ndi root.after(100, ...). Id imene after imabweza muisunge, kuti potseka muchite after_cancel, apo ayi muziona zolakwa za "invalid command name".

Ena akhoza kukuuzani kuti mungoika daemon=True. Zigwira, sindikukana, ndipo pa asayimenti ya kusukulu mukhoza kupita nazo. Kungoti thread ya daemon imadulidwa pamene yafikapo. Ngati inali pakati polemba fayilo ya mauthenga, fayiloyo ikhoza kutsala yoduka.

Mukadzasamukira ku Linux mudzakumananso ndi "Address already in use" ngakhale mutatseka bwinobwino. Imeneyo ndi TIME_WAIT, kudikira kumene Linux imachita kulumikizana kukatsekedwa, imagwira port masekondi 60, ndipo SO_REUSEADDR musanachite bind() imathetsa vutolo. Pa Windows musaiike mwachisawawa, chifukwa kumeneko imalola pulogalamu ina kukhala nanu pa port imodzimodzi.