Sensitivity ndi specificity musaziphatikize padera

Achimwene, mwafunsa ngati mungatenge sensitivity (gawo la odwala TB amene muyeso umawapeza) ya kafukufuku aliyense wa LAM, kachipangizo kaja koyezera TB mumkodzo, n'kupeza avereji imodzi, kenako n'kuchitanso chimodzimodzi ndi specificity (gawo la opanda TB amene muyeso umawamasula). Chonde musatero.

Ziwirizi zili ngati sikelo ya pamsika: mbali imodzi ikakwera, inayo imatsika. Woyeza akamati kamzere kosaoneka bwino nako ndi positive, agwira odwala ambiri, koma alembanso anthu opanda TB kuti ali nayo. Akakhwimitsa, specificity ikwera, odwala ena n'kumuthawa. Pa LAM izi zinachitikadi: mu Januwale 2014 kampani yopanga kachipangizo ka LAM kotchedwa Determine inasintha khadi yofananizira mizere, moti giredi 2 yakale inasanduka giredi 1. Ndiye musanawerenge chilichonse, onani chaka cha kafukufuku aliyense ndi khadi imene anagwiritsa ntchito.

Pa kafukufuku aliyense tulutsani manambala anayi: odwala amene kachipangizoka kanawapeza, odwala amene kanawaphonya, opanda TB amene kanawanamizira, ndi opanda TB amene kanawamasula. Ngati makafukufuku onse anadulira pamalo amodzi, kutanthauza kuti positive anaiyambira pa giredi imodzimodzi, tengani bivariate model ya Reitsma ndi anzake ya 2005, imene imawerengera sensitivity ndi specificity pamodzi. Ngati anadulira mosiyana, nambala imodzi ilibe tanthauzo. Jambulani mzere wa HSROC wa Rutter ndi Gatsonis wa 2001, umene umaonetsa mmene ziwirizi zimasinthira malo odulira akasintha. Harbord ndi anzake anasonyeza mu 2007 kuti popanda covariate (chinthu china chowonjezera chimene chingafotokoze kusiyana kwa zotsatira) njira ziwirizi ndi masamu amodzi. Njira yakale ya Moses ndi Littenberg ya 1993 isiyeni.

Pamene pali ziro pa manambala anayi aja musawonjezere 0.5 amene ena amawonjezera, amapotoza zotsatira za makafukufuku aang'ono. Gwiritsani ntchito njira ya binomial, imene imalola ziro: metandi mu pulogalamu ya Stata, kapena glmer mu pulogalamu ya R.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi muyeso wofananizira, umene kafukufuku amadalira kunena kuti munthu alidi ndi TB kapena ayi. Wodwala HIV amene CD4 yake yatsikitsitsa nthawi zambiri satha kutulutsa makhololo, ndipo TB yake imakhala itafalikira kunja kwa mapapo. Kafukufuku akadalira culture ya makhololo yokha (kumeretsa tizilombo ta TB mu labu), LAM ikapeza TB yeniyeni imalembedwa kuti yanama, specificity n'kuoneka yotsika. Ma model ndatchulawa sangakonze zimenezi. Pimani kafukufuku aliyense ndi QUADAS-2 (mndandanda wa mafunso oyezera ngati kafukufuku anachitika bwino), patulani ogonekedwa m'chipatala ndi oyendera, ndipo CD4 muiike ngati covariate, chifukwa LAM imagwira bwino CD4 ikakhala yotsika. Pachithunzi chanu muonetsenso prediction region, owerenga adziwe mmene zotsatira zingasiyanire pachipatala china.