Zipolopolo zanga zimamwazika kukatentha: cholakwika n'chiyani?

FUNSO: Ndine mlenje wokhala ku Ulongwe, m'boma la Angonia, ndipo ndili ndi chiphaso cha mfuti ya .30-06. Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikudzaza ndekha onga m'zigoba za zipolopolo zomwe ndawomberapo kale. Nditaziyesa kuno kwathu mu Juni, zisanu zinagwera malo amodzi pachandamale cha mamita 100, koma nditapita nazo kuchigwa cha Zambezi, cha ku Magoe, mu Okutobala, zinamwazika ndipo bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo m'mfuti, inkalimba potsegula. Mnzanga akuti ndionjezere onga. Kodi akunena zoona? Wowerenga wa ku Ulongwe.

YANKHO: Bambo, musatsatire malangizo a mnzanuyo, ndipo zipolopolo zotsalazo musaziwomberenso. Bolt ikalimba potsegula mutangowombera, ndiye kuti mphamvu ya mpweya wa onga m'kati mwa mfuti yadutsa muyezo, moti chigoba chafufuma n'kukanirira. Tayang'anani kumbuyo kwa zigoba zomwe munawombera ku Magoe. Ngati primer, kachitsulo koyatsa onga kaja, yaphwatalala mpaka m'mbali mwake, kapena pazilembo za chigoba pali malo onyezimira ngati pakhulidwa, umenewo ndi umboni wachiwiri. Munthu woonjezera onga zinthu zili chonchi akuika pachiswe maso ake, zala zake ndi aliyense woima pambali pake.

Gwero la vuto lanu ndikuliona m'nyengo. Ulongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 ndipo mu Juni kumazizira, pamene m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, komwe kuli Magoe, ndi kunsi kwambiri, ndipo mu Okutobala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Onga wotentha umayaka mofulumira kusiyana ndi wozizira, choncho muyezo womwe unali wabwino m'chisanu cha ku Angonia ukhoza kukhala woopsa m'chilimwe cha kuchigwa, makamaka zipolopolo zikakhala tsiku lonse m'galimoto yoima padzuwa. Liwiro likasintha, malo ogwera chipolopolo amasinthanso. Muyezo wanu uyenera kuyesedwa kotentha komwe mumakasakako, kuyambira pa mlingo wotsikitsitsa womwe wopanga ongayo analemba m'buku lake, kaya ndi Somchem wa ku South Africa kaya wina, n'kumakwera pang'onopang'ono osadutsa malire olembedwawo. Ine sindilemba muyezo wa onga pa tsamba lino, chifukwa nambala yoyenera mfuti ina ikhoza kuphulitsa inzake.

Zikatero, chotsala n'chakuti zipolopolo zonse zifanane ngati mapasa, ndipo apa ndi pomwe alenje ambiri amachita ulesi. Yambani ndi zigoba. Zigoba za makampani osiyana, ngakhale zonse zitalembedwa .30-06, zimasiyana kukhuthala kwake, ndipo chokhuthala chimakhala ndi malo ochepa m'kati, kotero onga womwewo umatulutsa mphamvu yochuluka. Zisankheni monga mwa wozipanga, ndipo muzisiyanitsenso malinga ndi kuchuluka kwa maulendo omwe zawomberedwa. Chigoba chimatalika pang'ono nthawi iliyonse chikawomberedwa ndi kukonzedwanso, choncho chiyezeni ndi caliper, chida choyezera utali, n'kuchidula kuti chibwerere pautali wolembedwa m'buku. Chikatalika kwambiri, kukamwa kwake kumapanikizika pakhomo la mpope wa mfuti n'kugwira mutu wa chipolopolo mwamphamvu, ndipo zimenezi nazonso zimakweza mphamvu ya mpweya. N'kutheka kuti zinathandizira vuto lanu la ku Magoe. Chigoba chong'aluka pakhosi, kapena chokhala ndi mzere wowala mozungulira pafupi ndi tsinde, chitayeni osachimvera chisoni.

Onga uyezedwe pasikelo chipolopolo chilichonse pachokha. Muyezo wake ndi grain, ndipo grain imodzi ndi pafupifupi magalamu 0.065, kanthu kochepa kwambiri moti kamphepo kolowera pazenera kangathe kunamiza sikelo. Tsekani mazenera, ikani sikelo pathebulo losagwedera, ndipo muyambe mwaiyesa ndi kamwala kake koyesera musanathire onga. Mukatsegula chitini chatsopano, ngakhale dzina la onga likhale lomwelo, tsitsani muyezo pang'ono n'kuyesanso, chifukwa onga wopangidwa nthawi zosiyana sufanana ndendende. Mitu ya zipolopolo ikhale ya mtundu umodzi ndi kulemera kumodzi, ndipo yonse ilowe m'chigoba mozama mofanana. Mtundu wa primer nawonso musamausinthesinthe.

Ndisanaiwale, si nthawi zonse pomwe mlandu umakhala wa chipolopolo. Msewu wopita ku Magoe ndi wautali ndipo mfuti imagwedezeka m'galimoto, choncho onani ngati masikuluwu ogwira galasi loyang'anira ndi ogwira thupi la mfuti sanakhwefuke. Mpope ukatentha umamwazanso zipolopolo, ndiye poyesa muzitsamiritsa mfuti pathumba la mchenga, kuwombera zisanu modekha, kenako n'kudikira kuti uzizire.

Chomwe ndimalimbikira kwambiri ndi kope. Lembani tsiku, malo, kutentha, mtundu wa chigoba, onga, primer, mutu, utali wa chipolopolo chonse ndi kutalikirana kwa mabowo pachandamale mu masentimita. Musinthe chinthu chimodzi chokha paulendo umodzi, chifukwa mukasintha ziwiri simudzadziwa chomwe chakonza kapena chaononga. Mukadakhala ndi kope lotere, mukadaona msanga kuti muyezo wanu sunayesedwepo kunja kwa miyezi yozizira.

Pomaliza, mwatchula chiphaso cha mfuti chokha. Kusunga onga ndi kudzaza zipolopolo ndi nkhani ina yomwe malamulo a zida m'dziko la Mozambique amaiyang'anira, choncho pitani kulikulu la apolisi a PRM mumzinda wa Tete mukafunse ngati chiphaso chanu chikukulolani kutero musanagule chitini china. Zipolopolo za mu Juni zija muzimasule ndi chida chozulira mitu, muyeze onga wa chilichonse, ndipo mutilemberenso zomwe sikelo yakuuzani.